Wamaso, wamakutu, wamanja: nanga mayeso akudziwa zimenezo?

Chaka cha sukulu chikamatha, pakhoma la sukulu kuno ku Mongue pamamatidwa chipepala cha zotsatira, chija ana amachitcha pauta. Anthu amaunjikana pamenepo ngati pamsika wa chimanga. Wina amachokapo akuvina, wina amachokapo atazyolika, akusinkhasinkha mawu oti akanene kunyumba. Ndipo kunyumbako mlandu suchedwa kuzengedwa. Bambo amati mwanayu ndi waulesi. Mayi amati alipo amene adamuchita chipongwe. Agogo amangoti mutu wake si wa sukulu, m'patseni khasu.

Masiku ano pabwera chigamulo chachinayi, ndipo chikuyenda kwambiri m'mafoni ndi pakamwa pa anthu ophunzira. Akuti mwana aliyense adabadwa ndi khomo lakelake lolowera nzeru. Wina nzeru zimamulowera m'maso, ndiye ayenera kuona zithunzi. Wina zimamulowera m'makutu, ndiye ayenera kumangomvetsera. Wina zimamulowera m'manja, ndiye osamuvutitsa ndi mabuku, agwire chinthu. Mwana akalephera, akuti vuto n'lakuti aphunzitsi ankagogoda pakhomo lolakwika.

Taganizirani banja lina, longa mabanja ambiri a m'midzi ino. Muli mtsikana wa kalasi ya 6 ndi mchimwene wake wa kalasi ya 8. Mtsikanayo nyimbo ikangomveka pa wayilesi, sabata isanathe amakhala akuiimba yonse osaphonya liwu. Mnyamatayo mum'patse njinga yothyoka masipoko itasenza matumba a chimanga pa ulendo wa ku Muloza, pofika madzulo ikhala ikuyenda. Koma pa pauta, pomwe munthu amafunika mamalikisi 10 pa 20 kuti akhoze, wina wapeza 7, wina 8. Atsibweni awo afika kuchokera ku Milange, foni ili m'manja.

"Achemwali, musawakalipire anawa," akutero. "Ndaona pafoni. Uyu ndi wamakutu, uyu ndi wamanja. Yalakwa ndi sukulu."

Mayi aja sadapite patali ndi sukulu, koma funso lawo ndi la munthu wozindikira. "Ndamva achimwene. Nanga mayeso a chaka chamawa adzabwera a makutu?"

Funso limeneli liyenera kuyankhidwa bwino, chifukwa pali tsogolo la ana.

Maganizo a atsibweniwa sadamere m'foni. Ali ndi eni ake, ndipo eni akewo sadali akathyali. Mu 1984 David Kolb wa ku America adatulutsa buku logawa ophunzira m'magulu anayi. Mu 1987 mphunzitsi wa ku New Zealand, Neil Fleming, yemwe adagwirapo ntchito yoyendera masukulu, adakonza mafunso oti munthu akayankha adziwe gulu lake. Nayenso magulu ake adali anayi, koma osiyana ndi a Kolb: oona, omva, owerenga ndi kulemba, ndiponso ochita ndi manja. Ena adatsatira, aliyense ndi mpeni wakewake wodulira ana m'magulu. Pofika mu 2004 akatswiri a ku England motsogozedwa ndi Frank Coffield atakhala pansi kuti awerenge, adapeza njira 71 zogawira ophunzira. Njira 71! Sing'anga mmodzi akakuuza matenda ako umamvera, koma asing'anga 71 akakuuza zosiyanasiyana umayamba kukayika ngati alipo amene wakuyezadi.

Chilungamo chake n'chakuti maganizowa ali ndi mtima wabwino. Kumutcha mwana wamanja n'kwabwino kusiyana ndi kumutcha mbuli. Komanso n'zoona kuti anthu amakonda zosiyana. Wina amasangalala ndi nthano, wina ndi zojambula, wina sangakhale pansi mphindi 10 osagwira kanthu. Palibe katswiri amene akutsutsa zimenezo. Pomwe pali mkangano ndi apa: kodi mwana wokonda kumvetsera akaphunzitsidwa ndi mawu, amakhoza bwino kuposa m'mene akadakhozera ataphunzitsidwa ndi zithunzi?

Mlimi wa ku Mongue amadziwa kayesedwe ka nkhani yotere. Akauzidwa kuti mbewu iyi imakonda dothi lofiira ndipo inayo imakonda lakuda, sakhulupirira zapakamwa. Amadzala mbewu zonse ziwiri pa dothi lililonse, nadikira nthawi yokolola, nawerenga matumba. Izi n'zomwe adanena akatswiri anayi a ku America mu 2008, Harold Pashler, Mark McDaniel, Doug Rohrer ndi Robert Bjork. Iwo adati kuti nkhaniyi itsimikizike, pafunika kutenga ana otchedwa amaso ndi otchedwa amakutu, gulu lililonse kuligawa pawiri mwamaere, theka liphunzire ndi zithunzi, theka ndi mawu, kenaka onse alembe mayeso amodzimodzi. Ngati nkhaniyi ili yoona, amaso ophunzira ndi zithunzi ndi amakutu ophunzira ndi mawu ayenera kupambana anzawo. Atafufuza m'zolemba za akatswiri, adapeza kuti ndi ochepa kwambiri amene adayesa mwa njira imeneyi, ndipo mwa ochepawo angapo adapeza zotsutsana ndi zomwe anthu amakhulupirira. Adagamula kuti palibe umboni wokwanira woti sukulu zitayire nthawi ndi ndalama pa kugawa ana motere.

Patatha zaka 10, aphunzitsi awiri a pa Indiana University, Polly Husmann ndi Valerie O'Loughlin, adatsatira ophunzira oposa 400 a phunziro la ziwalo za thupi la munthu. Onse adayankha mafunso a Fleming aja. Ambiri mwa iwo adapezeka kuti sankawerenga n'komwe motsatira gulu lomwe adaikidwamo, ndipo amene ankatsatira gulu lawo sadapeze mamalikisi oposa anzawo. Matumba adawerengedwa, kusiyana panalibe.

Atsibweni aja asachite manyazi, poti ali m'gulu lalikulu. Mu 2012 atafunsidwa aphunzitsi a ku Britain, 93 pa 100 alionse adati amakhulupirira zoti mwana amaphunzira bwino akaphunzitsidwa motsatira khomo lake. Ku Netherlands adali 96 pa 100. Nkhani yokoma imayenda ndi miyendo yakeyake.

Tsono wina adzati: ngakhale zili zopanda umboni, zikupweteka yani? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina limene mwana wapatsidwa limasanduka mpanda. Mtsikana uja akamva kawiri katatu kuti ndi wamakutu, tsiku lina adzakankhira buku kumbali nati kuwerenga si kwanga. Mnyamata uja akamva kuti ndi wamanja, wapeza chifukwa chomveka bwino chosiyira sukulu n'kukakhala pansi pa mtengo ndi pampu ndi sipanala. Kukonza njinga si ntchito yonyozeka, ndipo m'boma lino momwe njinga ndiyo galimoto ya aliyense, wokonza njinga sagona ndi njala. Koma mwana wa zaka 14 asatsekeredwe makomo ena onse chifukwa cha mawu a pafoni. Agogo aja adati m'patseni khasu, atsibweni akuti ndi wamanja. Mawu ndi osiyana, koma mwana akupita kumodzimodzi.

Chimene chimasankha khomo si mwana ayi, koma chinthu chimene akuphunziracho. Mapu a Zambezia, pomwe pali Quelimane, pomwe ukudutsa mtsinje wa Licungo, pomwe pali phiri la Namuli, ayenera kuonedwa ndi maso, ndipo ngakhale mwana wamakutu chotani sangawamvetse pongouzidwa. Chipwitikizi chimafuna khutu. Amene samva kusiyana kwa pão ndi pau adzapita kukagula buledi nabwera ndi ndodo, ndipo amene samva kusiyana kwa avô ndi avó adzasokoneza agogo aamuna ndi agogo aakazi. Kuyeza ndi lula, kujambula ngodya, kusakaniza zinthu pa phunziro la sayansi, zimenezo zimafuna manja a aliyense. Mwana wa sukulu amafunika makomo onse ali otsekula.

Ndipo tayang'anitsitsani ana awiri aja. Kodi mnyamatayo adaphunzira njinga ndi manja okha? Adakhala miyezi akuonerera wamkulu wina akumanga masipoko. Adamva malangizo, adadzudzulidwa, adaboola machubu angapo, adayesanso. Mtsikanayo nayenso nyimbo ija sadaimve kamodzi. Wayilesi imaibwereza m'mawa ndi madzulo, iye amaiimba popita kumjigo, amalakwitsa, anzake amamukonza, amaiimbanso posinja. Anawa sadabadwe ndi khomo lapadera. Adachita zinthu zitatu zomwe sachita ndi makope awo: adabwereza masiku ambiri, adayesa okha popanda woonera, ndipo chinthucho chidali m'chilankhulo chomwe amachimva.

Chachitatuchi ndi pomwe pagona nkhani ya ku Mongue, ndipo akatswiri a ku New Zealand ndi ku America sadaipenye chifukwa ana awo ambiri amaphunzira m'chilankhulo cha kunyumba. Kalembera wa anthu wa 2017 adaonetsa kuti m'dziko la Mozambique anthu osakwana 2 pa 10 alionse ndiwo adayamwa Chipwitikizi, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Mwana wa kuno amabwera pasukulu ndi Chichewa, Chilomwe kapena Chimarendje, nakumana ndi Chipwitikizi pakhomo la kalasi. Amaphunzira msanga luso limodzi lomwe limanyenga aliyense: kukopera zapabolodi mwaukhondo ndi kuloweza chiganizo chonse osadziwa chomwe chikunena. Makolo akatsekula kope amaona zolemba zokongola, nati mwana akulimbikira. Tsiku la mayeso funso lomwelo likangotembenuzidwa pang'ono, mwana wasowa pogwira. Ameneyo si wamaso kapena wamakutu. Ndi mwana amene sadamve, basi.

Boma likudziwa za vutoli. Kuyambira mu 1993 mpaka 1997 lidayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Mu 2003 lidayamba kukhazikitsa maphunziro otere m'sukulu zina za m'dziko muno, oti mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo cha kwawo kenaka alowe m'Chipwitikizi pang'onopang'ono. Koma mpaka lero si sukulu zonse zomwe zafikiridwa, poti pamafunika mabuku ndi aphunzitsi osulidwa pa ntchitoyi. Kholo silingakhale manja lende kudikira tsiku limenelo pamene mwana akukula.

Pali chinanso chomwe chimapezeka m'maboma a m'malire okha. Nthawi ya nkhondo, yomwe idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, dziko la Malawi lidasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni. Ena mwa makolo a lero adayamba sukulu kumeneko, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo ena adapitiriza kuoloka kupita ku sukulu za ku Mulanje ndi ku Phalombe Malawi itachotsa fizi ya pulayimale mu 1994. Ndiye mupeza bambo wodziwa kuwerenga bwinobwino, wokhoza kulemba kalata ndi kuwerenga Baibulo mu mpingo, koma akatsekula kope la mwana wake la Chipwitikizi amalibweza msanga nati izi n'za aphunzitsi. Amadziona ngati wopanda thandizo. Bamboyu sadziwa kuti ali ndi chida chomwe ngakhale mphunzitsi wa kalasi yodzaza mpaka ena kukhala pansi alibe: nthawi yomvetsera mwana mmodzi akufotokoza m'Chichewa zomwe waphunzira lero. Mwana amene waphunzira za kayendedwe ka madzi afunsidwe kuti madzi a padambo amapita kuti mu Okutobala, ndipo mitambo ya pa phiri la Tumbine imachokera kuti. Akatha kufotokoza ndi mawu akeake, wamva. Akangobwereza chiganizo cha Chipwitikizi ngati chinkhwe, sadamve, ndipo ndi bwino kuti zidziwike usiku womwewo kusiyana ndi kudzazidziwira pa pauta.

Nanga ngati za makomo zilibe umboni, chili ndi umboni n'chiyani? Zilipo ziwiri, ndipo zonse n'zaulere.

Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adatulutsa zotsatira za ntchito yotopetsa yomwe adadzipatsa yekha. Ankaloweza timawu topanda tanthauzo, nkumadziyesa patapita mphindi, maola ndi masiku kuti aone kuti tatsala tingati. Adapeza kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro. Adapezanso kuti kubwereza chinthu masiku angapo kumasunga zambiri kuposa kuchibwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Mlimi sangadabwe nazo. Mvula yamkuntho ya ola limodzi imathamanga pamwamba, imakokolola nthaka, mawa lake pansi pali gwa. Koma chiperoni, mvula yowaza ija idatenga dzina ku phiri la Chiperone la m'boma lomwe lino, imagwa pang'onopang'ono masiku atatu nilowa pansi. Mwana amene amasiya makope chaka chonse nkudzachezera usiku wa mayeso, mapazi ataviika m'beseni la madzi ozizira kuti asagone, akugwetsa mvula yamkuntho pamutu pake. Theka la ola tsiku lililonse limaposa usiku wathunthu wa Novembala.

Chachiwiri n'chodabwitsa kwambiri. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University mumzinda wa St. Louis adapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina lidapatsidwa nthawi zinayi zoiwerenga. Gulu lina lidapatsidwa nthawi imodzi yokha, kenaka lidalandidwa pepala nkuuzidwa katatu konse kuti lilembe zomwe likukumbukira. Atayesedwa patapita mphindi 5, owerenga kanayi adapambana: adakumbukira 83 pa 100, anzawo 71. Koma atayesedwa patatha sabata, zinthu zidatembenuka. Owerenga kanayi adatsala ndi 40 pa 100, pamene odziyesa aja adasunga 61. Choseketsa n'chakuti owerenga kanayiwo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Kuwerenga mobwereza kumanyenga. Maso amazolowera tsamba, mtima nkumati izi ndikuzidziwa, pamene chomwe munthu wadziwa ndi maonekedwe a tsambalo. Kutseka kope ndi kudzifunsa kumawawa, kumaonetsa poyera pomwe pali dzenje, n'chifukwa chake ana sakukonda. Koma kuvutikira kukumbukira kumeneko ndiko kumakhomerera chinthu m'mutu.

Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake adasanthula njira 10 zomwe ophunzira amagwiritsa ntchito. Ziwiri zokha ndizo adaziika pamwamba: kudziyesa ndi kugawa kuwerenga m'masiku ambiri. Kuwerenga mobwereza ndi kudula mizere kunsi kwa mawu, zomwe ana ambiri amaziyesa kulimbikira, adaziika pansi.

Zimenezi akatswiri adazipeza ndi mawotchi ndi mapepala, koma agogo a m'midzi muno adali nazo kale. Usiku pamoto wina akati "Chilape!" ana nayankha "Nachize!", yankho silimaperekedwa msanga. Mwana amasiyidwa avutike, aphonye, anzake amuseke, ndipo chilapi chimenecho sadzachiiwala mpaka imvi. Nthano ikatha lero, mawa mwana amauzidwa kuti aifotokoze yekha. Katekisimu wa kutchalitchi ndi wa mafunso ndi mayankho. Ngakhale mnyamata wogulitsa nyemba pamsika wa m'malire, amene amatembenuza mameticais kukhala makwacha m'mutu mwake mofulumira kuposa foni, palibe adamulembera notsi. Wogula aliyense ndi mayeso, ndipo akaphonya amalipira ndi ndalama yake. Mnyamata yemweyo ndi amene kusukulu amati masamu adamukana.

Ngakhale wayilesi, yomwe ndi mfumu ya makutu, imadziwa kuti khutu lokha silikwanira. Pulogalamu ya Tikwere, yomwe idayamba kumveka pa MBC mu 2008 ya ana a makalasi oyambirira a ku Malawi, idakonzedwa kuti mphunzitsi wa pa wayilesi azifunsa funso kenaka nkukhala chete, ana a m'kalasi ayankhe, aimbe, aloze, alembe. Kachetechete ameneyo ndiye adali phunziro. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid-19, maphunziro ankaulutsidwa pa Rádio Moçambique, pa wailesi yakanema ndi pa nyumba zoulutsira mawu za m'madera. Mawu a pa wayilesi amadutsa ngati mphepo. Mwana amene amamvetsera atagwira pensulo, pulogalamu ikatha nkufotokozera mng'ono wake, amatsala ndi kanthu. Amene amangomvetsera akukazinga chimanga amatsala ndi kanyimbo koyambira pulogalamu.

Kodi ndiye kuti ana onse ndi ofanana, palibe choti mwana adzidziwe? Ayi ndithu. Chilipo chambiri, kungoti si dzina la gulu.

Choyamba n'chathupi, ndipo chimanyalanyazidwa. Mwana amene amamva bwino zoyankhula koma zapabolodi zimamudutsa, mwina si wamakutu ayi, mwina maso ake saona patali. Mwana amene amangoyang'ana pakamwa pa aphunzitsi nkumakopera kwa mnzake, mwina khutu lake lidatuluka mafinya ali wamng'ono ndipo silimva bwino. Ana oterewa safunika dzina lokoma. Afunika kupita nawo kuchipatala ndi kuwapempherera malo a kutsogolo m'kalasi.

Kenaka pali nthawi. Wina mutu wake umagwira m'bandakucha, wina madzulo atadya. Koma m'mudzi nthawi sasankha mwana, amasankha ndi makolo. Kuno mtsikana akaweruka amakatunga madzi, amaphika, amasamalira khanda, amatsuka mbale, ndipo pomwe akuti atsekule kope tochi yatha moto kapena nyali ya sola ili ndi mchimwene wake. Pa pauta akalephera, anthu amati atsikana alibe mitu ya masamu. Nyengo yokolola chimanga ndi nandolo, ana ambiri amajomba sabata ziwiri kapena zitatu, ndipo phunziro lomwe adaliphonya limasanduka dzenje lomwe amagweramo zaka zonse zotsatira. Banja lomwe lingagwirizane kuti theka la ola lakuti ndi la makope, mbale zidikire, lachita zoposa mafunso onse a Fleming.

Ndipo pali dzenjelo. Mwana amene akuti masamu a kalasi ya 8 amamuvuta, nthawi zambiri chomuvuta si cha kalasi ya 8. Mwina sadagwire bwino kuchulukitsa ali kalasi ya 3, ndipo chilichonse chomangidwa pamwamba pake chikugwedezeka. Kudzidziwa kwenikweni n'kutha kunena kuti pano ndikumva, apa ndipo ndimasochera. Mwana wotere akapita kwa aphunzitsi amakhala ndi funso lenileni, osati kungoti sindikumva chilichonse. Safunsa adadya phula. Malamulo a maphunziro a 2018 adati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi ya 9, ndipo kuyambira mu 2023 kalasi ya 7 idasamukira ku sekondale. Izi zikutanthauza kuti mwana wa kalasi ya 6 ali pakhomo pa sekondale, komwe phunziro lililonse lili ndi mphunzitsi wake ndipo palibe woti abwerere naye m'mbuyo kukakwirira maenje. Nthawi yowakwirira ndi ino.

Kachitidwe kake sikafuna ndalama. Mwana akabwera kusukulu atsekule kope, awerenge za tsikulo kamodzi, atseke, anene kapena alembe kuseri kwa pepala lakale zomwe akukumbukira, kenaka atsekule aone zomwe waphonya. Pa phunziro lililonse alembe mafunso awiri kapena atatu pa tizidutswa ta pepala, yankho kuseri, aponye m'chitini. Mawa atolemo, mkuja atolemonso, sabata yamawa chimodzimodzi. Funso lomwe walikhoza katatu lipume, lomwe likumugwetsa libwerere m'chitini. Amene amayenda mtunda wautali kupita ku sekondale ali ndi kalasi ina panjira, ngati anzake oyenda nawo angamafunsane m'malo mongokambirana za mpira. Magulu owerengera limodzi ndi abwino pokhapokha ngati aliyense akufunsidwa. Gulu lomwe mmodzi amalemba anayi nkumakopera ndi ganyu chabe, ndipo tsiku la mayeso wolembayo adzakhala pa desiki yakeyake.

M'menemo zokonda za mwana zili ndi malo ake. Wokonda kuimba aike mayina a zigawo za dziko m'nyimbo, palibe choletsa, bola pambuyo pake azilozenso pa mapu ndi kuzilemba. Wokonda njinga awerenge mano a magiya, ayeze kuti gudumu likazungulira kamodzi layenda masentimita angati, apeze kuti lizungulira kangati pa kilomita imodzi, ndipo adzaona kuti masamu omwe adamukana aja adali m'manja mwake nthawi yonseyi. Chokonda chikhale polowera, koma mwana asakhale pakhomo pomwepo.

Kubanja kuja, atsibweni sadabwerere ku Milange, agona. Ndi madzulo, mayi akusola nandolo pamkeka, tochi yakolekedwa pamsomali.

"Tatseka kopelo, mwanawe. Lero mwaphunzira chiyani?"

"Za ufulu wa dziko, amayi."

"Udabwera liti?"

"Pa 25 Juni 1975."

"Ufulu wake wochoka m'manja mwa yani? Nanga anthu ankadandaula chiyani kuti mpaka atenge mfuti?"

Mtsikanayo wayamba chiganizo cha Chipwitikizi, wafika pakati, waima. Wayambanso, waima pomwepo.

"M'Chichewa," akutero mayi, osakweza mutu.

Pakhala chete. Dzanja la mtsikanayo likupita ku kope, koma mchimwene wake walikhalira. Atsibweni atulutsa foni kuti athandize, mayi awayang'ana kamodzi, foni yabwerera m'thumba. Kenaka pang'onopang'ono mawu ayamba kubwera, a thonje lolimitsa mokakamiza, a msonkho, a ntchito ya chibalo. Agogo, amene anthu amayesa agona, adzuka nakhala tsonga, poti chibalocho abambo awo adachigwira, ndipo pali zina zomwe kopelo silidalembe.

"Mawa mudzandifotokozerenso," akutero mayi pokolola makoko a nandolo. "Iwenso wa njingawe, konzeka. Mawa tiyamba ndi iwe."